Mulungu wa Kumbuyo kwa Basi

Buku limene anthu amawelenga kwambili mu Lusaka simungalipeze mu laibulale kapena mu shopu ya mabuku. Linalembedwa na penti komanso mastika, ndipo masamba ake ni magalasi a maminibasi, zipupa za tuntemba, zitseko za masaluni na mawilibala a anyamata onyamula katundu ku Soweto Market. Aliyense wokwela basi kucokela ku Chawama, Matero, Kanyama kapena Mtendere amaliwelenga tsiku na tsiku, afune asafune. Nkhani yake yaikulu ni imodzi, Mulungu. "Zonse ni Mulungu." "Cisomo Cabe." "Lesa Wamaka." "God's Time." Mukaikapo nyimbo za gospel zimene zimalila m'basi momwemo, mavesi a pa WhatsApp, na ulaliki wa pa Intercity basi isananyamuke, mudzaona kuti palibe wolemba mabuku m'dziko muno amene ali na owelenga oculuka monga a ba dilaiva na ba pentala.

Ndine mphunzitsi wa Cinyanja na zolembalemba ku sekondale, ndipo tikakhala na ndakatulo m'kalasi nimafunsa ana mafunso amodzimodzi. Akamba ni ndani? Akamba na ndani? Afuna ciani? Nanga n'ciani cimene wasiya osachula? Nifuna kufunsa mafunso amenewa pa buku la mumsewu limeneli. Ndine Mkhristu, nimapita ku chechi pa Sondo, ndipo sinilemba izi kuti niseke munthu amene anagula penti na ndalama zake kuti alembe dzina la Mulungu wake. Koma cinthu cimene anthu masauzande ambili amawelenga m'mawa uliwonse ciyenela kuwelengedwa mosamala, cifukwa cimaphunzitsa ana athu za Mulungu nthawi yaitali kuposa imene amakhala ku Sande sukulu.

Dzina likaculuka monga ndalama

Alaliki ambili amene timaona pa TV na pa YouTube amatilimbikitsa kuti tisacite manyazi na cikhulupililo cathu. Kumene iwo akhala, ku America kapena ku Britain, mawu amenewo ali na nchito, cifukwa m'maofesi ambili a kumeneko munthu wochula Yesu pa miting'i amamuyang'ana modabwa. Kuno zinthu zili mosiyana. Pa 29 December 1991, ba Frederick Chiluba analengeza ali ku State House kuti Zambia ni dziko lacikhristu, ndipo mu 1996 mfundo imeneyi inalowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Kalembela wa 2010 anapeza kuti anthu oposa 95 pa 100 alionse amadzicha Akhristu. Mu 2015, kwacha itagwa mphamvu ndipo malaiti akungothima-thima, ba Edgar Lungu anaika 18 October kukhala tsiku la mapemphelo a dziko lonse, ndipo linasanduka holide. Miting'i ya makolo pa sukulu, ya gulu la cilimba, olo ya cipani, yonse imayamba na pemphelo.

M'dziko lotele, kuchula Mulungu pagulu sikufuna kulimba mtima. Wofunika kulimba mtima ni uja amene amakhala cete ena onse akamati amen. Conco vuto lathu ni lina. Amene munali akulu 2013 isanafike mukumbukila mmene tinali kunyamulila masauzande kuti tigule buledi, mpaka Bank of Zambia inacotsapo mazilo atatu. Ndalama ikaculukitsa imaleka kugula kanthu, ndipo mawu nawonso ni cimodzimodzi. Dzina limene lalembedwa pa shabini, pa kashopu ka kaloba, na pa posita ya kampeni ya munthu amene komboni yonse idziwa kuti ni wakuba, limafika pomveka monga moni wa pa njila. Akulu-akulu a machechi anaiona msanga ngozi imeneyi. Kuciyambi kwa 1992, mabishopu a Katolika pamodzi na Christian Council of Zambia na Evangelical Fellowship of Zambia analemba kalata imodzi yodandaula kuti sanafunsidwe, ndipo anakumbutsa boma kuti cikhristu ca dziko cimaonekela m'zocita zake, osati m'cilengezo.

Akamba ni ndani, ndipo akamba na ndani?

Mukaima pa Kulima Tower n'kuwelenga mabasi makumi awili, mudzapeza kuti ambili a iwo wokamba ni mmodzi, ndipo dzina lake ni Ine. Ine ninadalitsidwa, ine nthawi yanga yakwana, ine palibe anganigwetse. Ndipo ngakhale kuti dzina lolembedwa ni la Mulungu, uthenga weni-weni upita kwa anansi. Mawu onga akuti adani adzacita manyazi, lekani nsanje, kapena munaniseka dzulo, alembedwa kuti awelenge a nyumba yoyandikana, amalume amene anakana kubweleketsa ndalama, na mkazi uja amene anathawa mavuto atafika.

Tisafulumile kuweluza. Dilaiva wa minibasi amayamba nchito kukali mdima, ndipo ayenela kukwanitsa kashing'i ya mwini basi asanaone olo ngwee yake. Pakati apo pali mafuta, matayala, ba traffic na ngozi za pa msewu. Mwini basi nayenso ali na mantha ake. Mu komboni, munthu amene dzulo anali kubweleka mcele akagula Hiace lelo, mphekesela zimayamba madzulo omwewo: anapita kwa ng'anga, analowa za satana, anapeleka mwana wa mlongo wake. Conco akalemba kuti zonse ni Mulungu, akuonetsa lisiti. Akuuza komboni kuti ndalama zake n'zoyela ndipo asamukhudze. Nikawelenga mawu amenewa nimamvamo mantha ambili kuposa kudzitama, ndipo munthu wamantha sayenela kusekedwa.

Ngakhale n'conco, Mulungu amene amatuluka m'zolemba zimenezi ni wocepa. Nchito yake ni ya mlonda wa pa geti: kuteteza katundu wanga na kucititsa manyazi amene sanifunila zabwino. Mzimu umodzimodziwo uli m'nyimbo zambili za gospel zimene zimachuka mwezi umodzi n'kuiwalika, komanso m'mapemphelo ena a usiku wonse kumene maola ambili amathela pa kubweza zoipa kwa wotumiza. Funsani kuti mdani ameneyu ni ndani. Kawili-kawili si uja anaba mankhwala a ku kiliniki, kapena uja anagulitsa puloti pa njila ya madzi mpaka nyumba za anthu zimamila dzinja lililonse. Mdani amakhala azakhali a kumudzi, agogo a maso ofiila na utsi wa nkhuni, kapena mnansi amene sanayankhe moni.

Kuciyambi kwa 2020, nkhani za anthu othila gasi m'nyumba zimene zinayambila ku Chingola zinafalikila dziko lonse. M'milungu yocepa, magulu a anthu okwiya anapha anthu makumi angapo, ena cifukwa cakuti anali alendo pamalo cabe. Sinikamba kuti mastika a pa basi ndiwo anapha anthu. Koma anthu amene aphunzitsidwa kwa zaka kuti vuto lililonse lili na nkhope ya munthu wapafupi, mantha akabwela safunsa mafunso ambili asanatole mwala. Zimene timaimba na kulemba zimatikonzekeletsa zimene tidzacita pa tsiku loipa.

Cimene bukuli silichula

Wowelenga wabwino amayang'ananso zimene wolemba wasiya. M'buku la mumsewu mulibe kulila. Simudzaona basi yolembedwa kuti Mulungu, mwacedwa, kapena kantemba kochedwa Sinimvetsa. N'zomveka, cifukwa palibe wamalonda afuna kuthawitsa makasitomala. Koma cizolowezi cimeneci calowa m'nyimbo, m'maumboni a mu chechi na m'zolemba za acicepele, ndipo apa m'pamene cimapweteka.

Baibo imene timanyamula si yotelo. Pa Masalimo 150, pafupi-fupi gawo limodzi mwa atatu ni madandaulo a anthu amene afunsa Mulungu cifukwa cake wakhala cete. Salimo 88 imathela mu mdima popanda yankho lililonse, ndipo amene anasonkhanitsa malemba sanaicotsemo. Muli buku lathunthu la Malilo. Muli Yobu, amene anzake anabwela na ciphunzitso cakuti wovutika aliyense anacimwa penapake, ndipo kumapeto Mulungu anakwiyila anzakewo, osati Yobu. Ngati alembi a malemba analola munthu kukangana na Mulungu, n'cifukwa ciani ife timaona monga ni chimo?

Zotulukapo zake nimaziona caka ciliconse zotsatila za Grade 12 zikatuluka. Mayeso asanayambe, ana ambili amapita na mabopeni awo kukapemphelewa. Zotsatila zikabwela, amene akhoza amadzaza WhatsApp na mawu akuti Mulungu wacita. Amene sanakhoze amazimitsa foni. Mwana wa zaka 18 amene anapemphela, anasala kudya, anawelenga na kandulo malaiti atapita, koma masamu amugwetsa, amawelenga mauthenga a anzake n'kumva cinthu cimodzi: Mulungu anapita nyumba na nyumba ndipo yathu anaidumpha. Palibe amene anafuna kumuuza zimenezo. Koma cikhulupililo cimene cidziwa kukamba pa tsiku la cipambano cabe cimasiya mwana ameneyu alibe mawu opemphelela, pa nthawi imene afunikila pemphelo kuposa anzake onse. Ena mwa ana otelo amaleka chechi mwakacetecete, ndipo ife timati awonongeka na dziko.

N'cifukwa cake nimalemekeza nyimbo ya ba Nathan Nyirenda yochedwa Mwe Makufi. Ni nyimbo ya Cibemba, koma inaimbidwa mu Matero na mu Chipata momwe. Woimba akamba na mawondo ake, ziwalo zimene zimamva kuwawa munthu akagwada nthawi yaitali, ndipo cimene apemphelela ni dziko lonse lovutika. Mmenemo muli luso leni-leni. M'malo mochula mawu aakulu, anasankha cinthu cacing'ono cimene aliyense ali naco, ndipo wokamba anasintha kucoka pa ine kupita pa ife. Anthu anaikonda cifukwa inakamba zoona pa umphawi wawo popanda kutaya Mulungu. Nyimbo za azimayi pa nyumba ya malilo nazonso zili na coonadi cimeneco. Amaimba usiku wonse osalonjeza aliyense motoka, koma wofedwa amamva kuti sali yekha.

Mulungu wa Cizungu na Mulungu wa Cinyanja

Yang'ananinso citundu. Mawu a cipambano ambili ali m'Cizungu: favour, breakthrough, next level, blessed. Cinyanja na Cibemba timazisungila malilo, matenda na nyimbo za agogo. Mwana amene akula akumva conco amaphunzila, popanda womuuza, kuti Mulungu wopatsa nchito na viza amamva Cizungu, ndipo Mulungu wa Cinyanja ni wa ku manda.

Amene anatitsogolela sanaganize conco. Mishoni ya Dutch Reformed itakhazikika pa Magwero kufupi na Chipata mu 1899, kumene kunayambila Reformed Church in Zambia, anthu anaphunzila kuwelenga, kuimba na kupemphela m'Cinyanja. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mpaka lelo mawu ake ali m'kamwa mwa anthu amene sanafike olo Grade 7. Omasulila Buku Loyera la 1998 anapita patsogolo n'kuseŵenzetsa dzina lakuti Chauta, limene makolo athu anali kuitana pansi pa mtengo wa msolo amishonale asanabwele. Ku Chinsali, kuyambila 1953, ba Alice Lenshina anakopa anthu masauzande ambili kucoka ku mamishoni, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu yawo inali nyimbo zimene anapeka m'Cibemba, m'maimbidwe amene anthu a kumudzi anawazindikila kuti ni awo. Nkhani ya chechi ca Lumpa inathela m'magazi mu 1964, anthu mazana ambili ataphedwa, ndipo sinikamba kuti zonse zimene cinacita zinali zabwino. Koma phunzilo la nyimbo zija likalipo. Munthu amagwidwa mtima na Mulungu amene akamba monga amayi ake.

M'nthawi yathu, ba Pompi anaonetsa na alubamu ya Mizu mu 2012 kuti mnyamata wa m'tauni angaimbe za Yesu m'Cinyanja ca Lusaka, pa ng'oma zamakono, popanda kumveka monga akumasulila ulaliki wa ku Texas. Dzina la alubamuyo likamba lokha. Sinitsutsa Cizungu, pakuti inenso nimacikamba tsiku lililonse pa nchito. Cimene nitsutsa ni ulesi wotola mawu opangidwa kale. Liwu lakuti favour limakamba za munthu mmodzi amene wasankhidwa pa mzele, ena n'kutsala. Liwu lakuti cifundo silingakhale na munthu mmodzi, lifuna wina womucitila. Tikasinthanitsa mawu awiliwa timasinthanso Mulungu amene tikamba, olo tisadziwe.

Pepala limene mawu alembedwapo

Ndakatulo ya m'buku imaweluzidwa na mawu ake cabe. Mawu a pa basi ali na tsoka lakuti amawelengedwa pamodzi na basiyo. Wokwela amawelenga kuti Yesu ni yankho, kenako amapanikizidwa pa mpando wa anthu atatu pamene akhala anayi, ba kondakita amaiwala chenji mwadala, ndipo dilaiva amadutsa loboti yofiila ana a sukulu ali pa msewu. Pa kantemba kochedwa Cisomo, pamela ya ufa imacepa mwezi na mwezi mtengo uli womwewo. Wowelenga amaphatikiza zonsezi kukhala ciganizo cimodzi, ndipo ciganizoco sicilemekeza Mulungu. Mneneli Amosi anakalipila amalonda amene anali kusunga Sabata koma mtima uli pa kucepetsa muyeso na kupotoza sikelo. Buku la Miyambo nalonso likamba kangapo kuti Mulungu amanyansidwa na sikelo yonama. Mavesi amenewa sanapezebe pentala.

Palinso funso la amene alibe pothawila. Mlaliki wa pa Intercity amakwela basi anthu atakhala kale, katundu ali pansi, ndipo palibe angatuluke. Ena amalalika mwaulemu, amapemphelela ulendo n'kutsika, ndipo okwela ambili amayamikila cifukwa adziwa mmene Great East Road yamezela anthu. Ena amayamba na nkhani za ngozi, kucititsa mantha agogo amene akupita ku Petauke, kenako n'kutambasula dzanja. M'basi momwemo mungakhale Msilamu wa ku Chipata, Mhindu wa ku Kamwala, kapena munthu amene waika mwana wake m'manda dzulo ndipo lelo safuna kumva kuti zonse zili na colinga. Malamulo amene amati dziko n'lacikhristu ndiwo amatinso munthu aliyense ali na ufulu wa cikumbumtima na cipembedzo. Mkhristu amene aseŵenzetsa kuculuka kwa Akhristu monga cibonga waiwala kuti cikhulupililo cake cinayamba na anthu ocepa amene anali kubisala m'nyumba.

Mbili yathu ili na citsanzo ca munthu amene analipiladi mtengo. Mu 1967, khoti yaikulu inaweluza mlandu wa Feliya Kachasu, mtsikana wa pulaimale wa ku Mufulira, wa Mboni za Yehova, amene anaimitsidwa sukulu cifukwa cokana kuimba nyimbo ya fuko na kucitila saliyuti mbendela. Mlanduwo anagonja. Mungatsutsane na ciphunzitso ca chechi cake, monga mmene inenso nimatsutsilana naco pa zambili. Koma onani kusiyana kwake. Mwana uja sanakweze mawu, sanakakamize mnzake aliyense, ndipo cimene anacita cinamutayitsa malo m'kalasi. Nikaona stika yatsopano nimadzifunsa kuti, kodi mwini wake yamudyela ciani kupatulapo ndalama ya penti?

Masamba amene alembedwa bwino

Bukuli lili na masamba abwino, ndipo ambili alembedwa na azimayi. Yunifomu ya amayi a Cigwilizano, ya ba Dorcas, ya azimayi a UCZ kapena ya magulu a Katolika nayonso ni colembedwa ca pagulu. Imaoneka patali kuposa stika iliyonse. Koma mukaiona mu komboni pakati pa mlungu, mumadziwa kuti penapake pali malilo, wodwala kapena nyumba imene mwasowa cakudya. Azimayi amenewa ndiwo amaphika nsima ya anthu mazana pa nyumba ya malilo, kusambika mtembo, na kukhala na wamasiye abale onse atabwelela kwawo. Nsalu ija imakamba kuti ndine Mkhristu, ndipo manja amatsimikizila pomwepo.

Pa nthawi ya AIDS, pamene ena anali kulalika kuti matendawo ni cilango, cipatala ca Salvation Army ku Chikankata cinayamba mu 1987 kutsatila odwala ku nyumba zawo. M'zaka zotsatila, magulu a m'machechi, maka-maka a Katolika, anafalitsa nchito imeneyi m'makomboni a Lusaka na Copperbelt. Anthu wamba anali kusambika odwala amene abale awo anali kuopa kuwakhudza. Caka comweco ca 1987, ba Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wa ku Lubwa, anauza dziko poyela kuti mwana wawo anafa na AIDS, pa nthawi imene mabanja anali kubisa. Uku nakonso kunali kuonetsa cikhulupililo pagulu, ndipo kunali na mtengo.

Anthu amakonda kukanganitsa mavesi awili. Pa Mateyu 5, Yesu akamba kuti nyale siibisidwa, iyenela kuunikila onse a m'nyumba. Pa Mateyu 6, acenjeza za anthu opemphela pa mphambano za misewu kuti aonedwe. Wokonda kulalika m'basi amatenga loyamba, wamanyazi amatenga laciwili. Koma mavesi onse awili ali mu ulaliki umodzi, ndipo wowelenga mosamala adzaona kuti kuwala kumene kukambidwa m'caputala 5 ni nchito zabwino, ndipo amene ayenela kutamandidwa anthu akaziona si mwini nchitozo. Conco funso si lakuti tionetse kapena tibise. Funso n'lakuti, anthu akatha kuyang'ana, amatsala akuganiza za ndani? Akale anati ng'oma yolilitsa siicedwa kung'ambika, koma sanakambe kuti ng'oma isalile.

Kwa inu amene mulemba

Ambili a inu amene muwelenga magazini ino mumalemba ndakatulo, mumaimba mu kwaya, mumajambula nyimbo m'tumastudio twa mu komboni, kapena mumaika vesi pa foni m'mawa uliwonse. Ndinu amene mulemba masamba otsatila a buku limeneli, ndipo sinikupemphani kuti mucotsemo Mulungu. Nikupemphani kuti mumulembe monga anthu amene amudziwa.

Musanatumize ndakatulo yanu, iwelengeni monga mwana uja amene wafeluka mayeso, kapena monga mayi wa ku Kanyama amene anataya mwana na kolela mu January 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegula. Kodi muli malo ake mmenemo, kapena imuuza kuti anapemphela mopelewela? Welengani kangati mwalemba ine na kangati mwalemba ife. Ngati muli mdani, muchuleni bwino: ngalande yotsekeka, ciphuphu, mowa umene wamaliza atate anu, ulesi wanu. Musamupatse nkhope ya agogo. Ndipo liwu lililonse limene munalitola pa TV, liyeseni m'citundu ca amayi anu. Likakana kumasulika, mwina munalibe kanthu kuyambila pa ciyambi.

Lembani za Mulungu amene mumakumana naye pa mzele wa pa kiliniki 05:00 isanakwane, pa mpopi wa madzi, mu wadi ya ku UTH usiku, na pa tebulo pamene ndiwo zacepa koma mlendo wafika. Lembani pemphelo la kondakita amene wabweza chenji imene wokwela anaiwala, podziwa kuti kashing'i siinakwane. Nyimbo imeneyo sininaimvepo pa wailesi, ndipo munthu amene angaipeke bwino mwina ni mmodzi wa inu amene mumakhala pa mpando wa kumbuyo, mukuwelenga galasi mobwelela kumbuyo ulendo wonse wopita ku tauni.